Digiri ya PhD pa sayansi ya matenda: chimene munthu amachita zaka zonsezo mu labu

Pa mwambo wopereka madigiri pa Yunivesite ya Zambia pamakhala anthu ochepa amene amavala mikanjo yosiyana ndi ya anzawo, ndipo kuyambira tsiku limenelo amatchedwa Dokotala. Ngati munthu wotereyu anaphunzira za matenda, sipapita masiku ambiri achibale asanayambe kufika ndi makadi a kukiliniki kuti awalembere mankhwala a BP kapena a shuga, ndipo akawauza kuti iye salemba mankhwala, ena amaganiza kuti maphunziro amuyambitsa kunyada. Chisokonezo chimenechi n'chakale, koma chakula kuyambira nthawi ya COVID-19 ndiponso mliri wa kolera wa 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala ndipo mawu monga PCR, imene ndi njira yoyezera matenda mu labu, anayamba kumveka pa wailesi tsiku ndi tsiku. Achinyamata ambiri ogwira ntchito m'malabu a zipatala muno mu Lusaka akufunsa ngati kuli koyenera kulowa maphunziro a PhD, ndipo makolo awo akufunsa kuti mwana amene ali kale ndi madigiri awiri akufunanso chiyani kusukulu.

Madokotala si amtundu umodzi

Dokotala amene timamupeza m'chipatala anaphunzira digiri ya udokotala, imene kuno imatchedwa MBChB, kenako analembetsa ku bungwe la Health Professions Council of Zambia, limene limapereka chilolezo choyeza odwala ndi kuwalembera mankhwala. PhD, imene dzina lake lonse ndi Doctor of Philosophy, ndi digiri ya kafukufuku, ndipo pa makwerero a maphunziro amene bungwe la Zambia Qualifications Authority limayang'anira ili pa mlingo 10, umene ndi womaliza. Digiri imeneyi sipereka chilolezo chochiza munthu. Imachitira umboni kuti mwini wake anafunsa funso limene linalibe yankho, analifufuza mwa njira imene akatswiri ena angathe kuiunika ndi kuibwereza, ndipo anapeza chinthu chatsopano. Pali anthu amene ali ndi madigiri onse awiriwa, ndipo iwo amachiza komanso kuchita kafukufuku. Palinso digiri yaulemu, imene yunivesite imapereka pothokoza munthu chifukwa cha ntchito zake, ndipo imeneyo sikhudzana ndi kafukufuku.

Sayansi yake imakhudza chiyani

Maphunziro amene m'mayunivesite amatchedwa biomedical sciences amafufuza mmene thupi la munthu limagwirira ntchito ndi mmene matenda amalisokonezera, koma pa mlingo umene maso saona: maselo, mabakiteriya, mavairasi, tizilombo ta malungo, ndi DNA, imene ndi malangizo a chibadwa olembedwa mkati mwa chamoyo chilichonse. Ena amaika mtima pa tizilombo toyambitsa matenda, ena pa chitetezo cha m'thupi, ena pa mmene mankhwala amayendera m'magazi, ndipo ena pa kusintha kwa maselo kumene kumabala khansa. Dokotala wa m'chipatala amafunsa kuti wodwala uyu akudwala chiyani ndipo ndimupatse chiyani, pamene wasayansi wa mu labu amafunsa kuti n'chifukwa chiyani mankhwala amene ankachiza matendawa zaka khumi zapitazo akulephera lero.

Mzinda wathu uli ndi mbiri yake pa ntchito imeneyi. Mu 1983 Pulofesa Anne Bayley, amene ankachita maopaleshoni pa chipatala chachikulu cha University Teaching Hospital (UTH), anaona kuti khansa ya pakhungu yotchedwa Kaposi sarcoma yayamba kugwira achinyamata ndi kuwapha msanga mosiyana ndi kale, ndipo zimene analemba zinali pakati pa zizindikiro zoyambirira zakuti Edzi yafika m'dera lino. Mu 2004 kafukufuku amene Pulofesa Chifumbe Chintu ndi anzake anachita pa ana oposa 500 okhala ndi HIV pa UTH pomwepo anaonetsa kuti mankhwala otchipa a cotrimoxazole, amene ambiri timawadziwa kuti Septrin, anachepetsa imfa ndi 43 peresenti, ndipo malangizo a dziko lonse lapansi pa kasamalidwe ka ana otere anasintha. Mu 2008 matenda osadziwika anagwira munthu wina kuno, amene anamutumiza kuchipatala ku Johannesburg, matendawo n'kufalikira kwa ena, ndipo mwa anthu asanu amene anadwala anayi anamwalira. Vairasi yake, imene anaitcha Lujo potengera mayina a mizinda iwiriyi, inazindikiridwa m'malabu a ku South Africa ndi ku America. Koma mu December 2020, pamene mtundu wa COVID-19 umene pambuyo pake unatchedwa Beta unalowa m'dziko muno, asayansi a Yunivesite ya Zambia pamodzi ndi bungwe la zaumoyo la PATH anauzindikira konkuno powerenga chibadwa cha vairasiyo. Kusiyana kwa 2008 ndi 2020 kunabwera chifukwa cha makina, komanso chifukwa cha anthu amene anaphunzitsidwa kufunsa ndi kuyankha mafunso otere, ndipo PhD ndiyo njira yaikulu yophunzitsira anthu amenewo.

Funso ndilo maziko a zonse

Pa digiri yoyamba wophunzira amalandira zimene ena anapeza kale, ndipo pa digiri yachiwiri ya masters amayamba kuyesa kafukufuku waung'ono, koma pa PhD palibe buku limene lili ndi yankho, ndipo ngakhale mphunzitsi wake saidziwa mbali imene wophunzirayo akukumba. Ichi ndicho chimene ambiri amachedwa kuchimvetsa. Munthu amene ankakhoza mayeso onse chifukwa chosunga bwino zinthu m'mutu akhoza kuvutika kwambiri pano, pamene wina amene sanali woyamba m'kalasi koma ali ndi chidwi ndi kupirira amatha kupita patali.

Funso labwino la PhD limakhala laling'ono modabwitsa. Palibe amene amalembetsa kuti athetse malungo. Chitsanzo chothandiza chikuchokera kwa anansi athu a ku Malawi, amene mu 1993 anasiya kugwiritsa ntchito chloroquine chifukwa tizilombo ta malungo tinali titasiya kuwamva, n'kuyamba Fansidar. Ofufuza a ku Blantyre anafunsa funso limodzi lokha, lakuti chimachitika n'chiyani kwa tizilombo tosamva mankhwalato mankhwalawo akachotsedwa. Atayeza magazi osungidwa a zaka zosiyanasiyana anapeza kuti chizindikiro cha kusamva chloroquine mu DNA ya tizilomboto chinatsika kuchoka pa 85 peresenti mu 1992 kufika pa 13 peresenti mu 2000, ndipo kafukufuku wina amene anafalitsidwa mu 2006 anaonetsa kuti chloroquine inachiza pafupifupi ana onse amene anaipatsidwa. Funso la kukula kotere ndilo limakwana m'zaka za PhD. Lero, pamene Zambia yadalira Coartem kwa zaka zoposa 20 ndipo ku Rwanda ndi ku Uganda kwapezeka tizilombo timene tikuchedwa kufa ndi mankhwala a mtundu umenewu, wophunzira akhoza kufunsa ngati kusintha kwa DNA kumene kukuchititsa zimenezi kwafika m'maboma a Chipata kapena Nchelenge, ndipo kaya yankho likhale inde kapena ayi, lidzakhala chidziwitso chatsopano chimene Unduna wa Zaumoyo ungachigwiritse ntchito.

Kulowa, ndi kusankha woyang'anira

Mayunivesite ambiri amafuna kuti munthu akhale ndi digiri ya masters pa phunziro logwirizana ndi kafukufuku wake. Ambiri amene amafika pano anayambira patali, ena pa dipuloma ya pa Evelyn Hone College kapena pa koleji ya ku Ndola, n'kugwira ntchito zaka zingapo mu labu ya chipatala cha boma asanabwerere kusukulu. Luso limene anapeza kumeneko, monga kudziwa kuyang'ana pa maikulosikopu ndi kusamala kuti magazi a odwala asasokonezeke, n'chuma chenicheni pa PhD. Pa Yunivesite ya Zambia kafukufuku wa mtundu umenewu amachitikira makamaka ku Ridgeway, pafupi ndi UTH, komanso ku sukulu ya madokotala a ziweto ku Great East Road, imene imafufuza matenda ochoka ku nyama kupita kwa anthu ndipo yagwira ntchito kwa nthawi yaitali ndi Yunivesite ya Hokkaido ya ku Japan. Ophunzira ambiri amalembetsa ku yunivesite koma ntchito yeniyeni amachitira m'mabungwe ofufuza monga CIDRZ ndi ZAMBART muno mu Lusaka, kapena Macha Research Trust kuchigawo cha kummwera.

Koma kuposa dzina la yunivesite, chimene chimaumba PhD ya munthu ndi mphunzitsi womuyang'anira, amene ophunzira amangomutcha supavaiza. Ubale wa awiriwa umafanana ndi wa mnyamata amene akuphunzira ukalipentala kwa mmisiri wa ku Kalingalinga: saphunzira pomvera nkhani koma popala matabwa pafupi ndi mwini luso, amagwiritsa ntchito zida za mmisiriyo, amadziwika kwa makasitomala kudzera mwa iye, ndipo ngati mmisiriyo sapezeka pa shedi kapena alibe matabwa, mnyamatayo akhoza kutha zaka asanapange mpando ndi umodzi womwe. Supavaiza ndiye amathandiza kudula funso kuti likwane, amatsegula zitseko za labu, amawerenga zolemba ndi kuzibweza zitadzaza ndi zokonza, ndipo ndiye amanena kuti ntchito yapsa, ingapite kwa oyesa. Ine ndimaona kuti munthu asanavomere malo ayenera kucheza ndi ophunzira akale a mphunzitsiyo ndi kuwafunsa mosabisa kuti anamaliza patapita zaka zingati, kuti zolemba zawo zinkabwerera patapita nthawi yaitali bwanji, ndiponso kuti mayina awo anaikidwa poyamba pa mapepala a ntchito imene iwo anagwira kapena ayi. Pulofesa wotchuka amene amakhala pa ndege mwezi uliwonse nthawi zina amathandiza pang'ono kuposa mphunzitsi wachinyamata amene amalowa mu labu m'mawa uliwonse, ndipo n'chifukwa chake ophunzira ambiri amakhala ndi oyang'anira awiri kapena atatu.

Chilolezo chisanaperekedwe palibe kukhudza magazi a munthu

Ntchito yoyamba ndi kulemba ndondomeko ya kafukufuku, imene imatchedwa proposal. M'menemo wophunzira amaonetsa zimene ena anapeza kale, mpata umene watsala, njira imene adzatsate, chiwerengero cha anthu kapena zoyeza zimene zikufunika kuti yankho likhale lodalirika, ndi ndalama zake. Amaifotokoza pamaso pa aphunzitsi a dipatimenti, amene amaisefa ndi mafunso. Ikadutsa apo imapita ku komiti yoona za ufulu ndi chitetezo cha anthu olowa m'kafukufuku, monga UNZABREC ya pa Yunivesite ya Zambia, kenako ku National Health Research Authority, bungwe limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la 2013 la kafukufuku wa zaumoyo. Ngati pali kuyesa mankhwala pa anthu, bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA nalonso limalowapo. Ngati magazi kapena tizilombo tiyenera kutumizidwa kunja kuti tikayezedwe pa makina amene kuno kulibe, pamafunika mgwirizano wolembedwa wonena za amene adzazisunge, zimene adzachite nazo ndi zimene saloledwa kuchita.

Njira imeneyi imatha miyezi, ndipo ophunzira amadandaula nayo, koma chifukwa chake n'chomveka kwa aliyense amene anagwirapo ntchito m'makomboni. Mphekesera zakuti magazi otengedwa akupita kwa a satanic zinasokonezapo ntchito zaumoyo m'madera ambiri, ndipo mantha amenewa sachoka ndi chidindo cha ofesi. Amachoka pamene mayi wa ku Kanyama kapena ku Chawama wafotokozeredwa m'Chinyanja kapena m'Chibemba kuti magazi amene akutengedwa ndi ochuluka bwanji, akupita kuti, dzina lake lidzabisidwa motani, ndiponso kuti akhoza kukana popanda kutaya thandizo la pa kiliniki. Wophunzira amene amaona pepala lachilolezo ngati chopinga chabe amadzavutika akafika kwa anthu.

Zaka za mu labu

Pano ndi pamene nthawi yambiri imathera, ndipo ndi mbali imene achibale saiona. Tiyerekeze wophunzira amene akufufuza TB yosamva mankhwala. Makhololo akafika kuchokera ku kiliniki, amawalandira m'chipinda chapadera chimene mpweya wake sutuluka wosasefedwa, atavala magolovesi ndi chophimba kumaso cholimba. Kuti kachilombo ka TB kamere pamafunika kudikira, chifukwa kamakula pang'onopang'ono kwambiri: m'botolo la madzi odyetsera tizilombo munthu amadikira mpaka milungu 6 asananene kuti mulibe kanthu, ndipo pa chakudya cholimba mpaka milungu 8. Ngati mabakiteriya ena alowa m'botolomo n'kumera msanga, milungu yonseyo yapita pachabe. Tizilombo tikamera, amachotsamo DNA ndi kuichita PCR, njira yochulukitsira kachidutswa kamodzi ka DNA kufika mamiliyoni kuti kathe kuoneka ndi kuwerengedwa.

Pa PCR wophunzira amagwira kachipangizo kotchedwa pipette, n'kumayeza timadzi tochepa kuposa dontho, kuika m'timachubu tambiri tofanana. Pakati pa timachubuto amaikapo kamodzi kamene muli madzi okhaokha opanda DNA. Makina akamaliza patapita maola angapo, kachubu ka madzi kaja kayenera kukhala kopanda chilichonse, ndipo ngati kaonetsa chizindikiro, ndiye kuti DNA yosochera inalowa penapake, mwina pa golovesi, pa tebulo kapena m'botolo la mankhwala osakanizira. Zikatero zotsatira zonse za tsikulo zimatayidwa, ngakhale zikhale zokongola chotani ndiponso zogwirizana ndi zimene iye ankayembekezera. Amatsuka malo, amatsegula mabotolo atsopano, n'kuyambiranso, ndipo zonsezi amazilemba m'buku la mu labu ndi tsiku lake. Kwa ine apa ndi pamene pagona mtima wa digiri imeneyi, chifukwa palibe wina amene anaona kachubu kaja, ndipo wophunzira amene waphunzira kutaya zotsatira zokoma chifukwa cha kachubu kamodzi ndiye amene dziko lingakhulupirire mawu ake pa tsiku la mliri.

Pali mavuto ena amene wophunzira wa ku London sawaganizira. Zoyeza zambiri zimasungidwa m'mafiriji ozizira kufika madigiri 80 pansi pa ziro, ndipo mu 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi ankayaka maola ochepa okha pa tsiku m'madera ambiri. Labu imene jenereta yake yatha dizilo usiku ikhoza kutaya magazi amene anasonkhanitsidwa kwa zaka ziwiri, ndipo magazi a mwana amene anadwala chaka chatha sungawatengenso. Mankhwala ogwiritsa ntchito poyeza, amene a mu labu amawatcha ma reagent, pafupifupi onse amachokera kunja, amagulidwa ndi madola, amatenga milungu kapena miyezi kuti afike, ndipo ena amawonongeka akatenthedwa panjira. Makina akawonongeka, wowakonza nthawi zambiri amachokera ku South Africa kapena ku Kenya. Wophunzira wochenjera amakonza ntchito yake m'magawo kuti gawo lina likaima, lina lizipitirira, ndipo nthawi yodikira amaigwiritsa ntchito kuphunzira masamu osanthulira zotsatira ndi mapulogalamu a pa kompyuta, popeza kuwerenga DNA ya kachilombo kamodzi ka TB kumatulutsa zilembo zoposa mamiliyoni 4 zimene munthu sangazisanthule ndi maso.

Ndalama zimachokera kuti

PhD ya mu labu ndi yodula kuposa ya maphunziro ambiri, chifukwa kuwonjezera pa fizi ndi chakudya cha wophunzira, kafukufuku weniweniyo amadya ndalama tsiku lililonse. N'chifukwa chake ndi ochepa amene amadzilipirira okha mpaka kumapeto. Njira yofala ndi kulowa m'kafukufuku wamkulu amene ali kale ndi thandizo, n'kutengamo kagawo kukhala PhD. Ndalama zotere zakhala zikuchokera ku mabungwe monga Wellcome ya ku Britain, EDCTP ya mayiko a ku Ulaya ndi Africa, National Institutes of Health ya ku America kudzera ku nthambi yake ya Fogarty, ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, imene inathandiza likulu la kafukufuku wa matenda opatsirana a anthu ndi nyama la ACEIDHA pa Yunivesite ya Zambia. Palinso thandizo la maphunziro la Commonwealth ndi la DAAD ya ku Germany kwa ofuna kupita kunja.

Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti wophunzira amapeza labu yoyenda, zoyeza zokonzeka ndi kandalama ka pamwezi. Kuipa kwake ndi kwakuti funso limakhala litasankhidwa kale ndi amene anapempha ndalamazo, ndipo matenda amene opereka ndalama alibe nawo chidwi amatsalira. HIV, TB ndi malungo zafufuzidwa kwambiri kuno, pamene matenda a impso, shuga ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell, amene amadzaza mawodi athu, alibe ofufuza okwanira. Chaka cha 2025 chinaonetsanso kuti thandizo lakunja likhoza kuima mwadzidzidzi, pamene boma la America linadula ndalama zambiri za ntchito zaumoyo ndi kafukufuku. Ena amanena kuti yankho ndi lakuti boma liike ndalama zochuluka m'kafukufuku, ndipo ena amanena kuti dziko limene zipatala zake zikusowa mankhwala liyenera kuyamba lagula mankhwalawo. Mtsutso umenewu sunathe, koma kwa wophunzira phunziro lake ndi lakuti afunse msanga kuti thandizo lake likutha liti ndipo chidzachitike n'chiyani ngati kafukufuku sanathe pofika tsikulo.

Ambiri kuno amachita PhD ali pa ntchito ndiponso ali ndi banja. Munthu wa zaka za m'ma 30 amene anzake akumanga nyumba ku Chalala, iye akudikira tizilombo kuti timere, amafunika banja lomvetsa. Kwa amayi zaka zimenezi zimakumana ndi zaka zobereka, ndipo mayi woyembekezera sayenera kugwira mankhwala ena ndi tizilombo tina ta mu labu, choncho nkhani ya tchuthi ndi kuwonjezera nthawi ndi yofunika kuikambirana poyera ndi woyang'anira.

Kulemba, kufalitsa ndi kuyesedwa

Zotsatira zikapezeka zimalembedwa ngati mapepala a sayansi ndi kutumizidwa ku magazini a akatswiri. Mkonzi amapereka pepalalo kwa akatswiri awiri kapena atatu amene wolembayo nthawi zambiri sawadziwa, ndipo iwo amalifufuza zolakwa, n'kulikana kapena kulibweza kuti likonzedwe, mwina ndi pempho lakuti kuyeza kwina kubwerezedwe. Kukanidwa n'kofala ngakhale kwa mapulofesa. Mayunivesite ambiri amafuna kuti wophunzira afalitse mapepala angapo asanamalize, ndipo apa pali msampha, chifukwa pa intaneti pali magazini achinyengo amene amatumiza makalata okopa, kulandira ndalama ndi kusindikiza chilichonse m'masiku ochepa popanda kuunika. Pepala lotuluka m'magazini otere limadetsa dzina la wolemba m'malo molikweza.

Ntchito yonse imasonkhanitsidwa m'buku lalikulu lotchedwa thesis, limene limapita kwa oyesa, ena a pa yunivesite pomwepo ndipo mmodzi kapena kuposa wochokera kwina. Kenako pamabwera viva, mayeso apakamwa amene wophunzira amakhala maola angapo akuyankha chifukwa chimene anasankhira njira iyi osati ina, chimene zotsatira zake sizingathe kunena, ndi chimene angasinthe atayambiranso. Oyesa safuna munthu wodziwa zonse, koma amafuna kutsimikiza kuti ntchitoyo ndi yake ndipo akudziwa malire ake. Ambiri amakhoza koma amauzidwa kukonza zina, zazing'ono kapena zazikulu, ndipo digiri imaperekedwa zokonzazo zikavomerezedwa.

Kuno kapena kunja

Kapangidwe ka PhD kamasiyana malinga ndi dziko. Ku Britain imatenga zaka 3 kapena 4 ndipo wophunzira amalowa msanga m'kafukufuku, pamene ku America imatenga zaka 5 kapena 6 chifukwa imayamba ndi makalasi, kuzungulira m'malabu angapo kuti munthu asankhe woyang'anira, ndi mayeso aakulu apakati. Kuno ndi ku South Africa kapangidwe kake kali pafupi ndi ka ku Britain, ngakhale kuti ochita ali pa ntchito amatenga nthawi yotalikirapo. Kunja munthu amapeza makina ndi ma reagent pa tsiku limene wawafuna, koma odwala ndi tizilombo timene akufufuza nthawi zambiri zili kuno, ndipo amene wazolowera labu imene zonse zimabwera zokha amavutika pobwerera. Pali njira yapakati imene wophunzira amasonkhanitsa zoyeza kuno, n'kupita kunja miyezi ingapo kukachita mbali yofuna makina apamwamba, ndipo amakhala ndi oyang'anira mbali zonse ziwiri. Wosankha yunivesite yakunja, makamaka yophunzitsa pa intaneti, aonetsetse kuti ndi yovomerezeka kwawo, popeza digiriyo idzafunika kutsimikiziridwa ndi Zambia Qualifications Authority, ndipo PhD ya sayansi ya mu labu imene ilibe labu iyenera kukayikiridwa.

Digiri ikapezeka

Omaliza amapita kukaphunzitsa pa Yunivesite ya Zambia, pa Levy Mwanawasa Medical University, pa Copperbelt University ndi m'mayunivesite ena, kapena kukatsogolera malabu a mabungwe ofufuza ndi a boma monga Zambia National Public Health Institute, imene imalondola miliri. Ena amalowa m'mabungwe oyang'anira mankhwala ndi m'makampani opanga zoyezera matenda. Malipiro sakwera okha chifukwa cha digiriyi, ndipo amene akufuna chuma chamsanga ali ndi njira zina zachidule.

Chimene ambiri sauzidwa ndi chakuti PhD ndi chiyambi chabe cha ntchito ya wofufuza. M'mayiko amene sayansi inakhazikika, womaliza amagwira zaka zina pansi pa katswiri wamkulu pa udindo wotchedwa postdoc, akuphunzira kupempha ndalama ndi kutsogolera ena, asanatsegule labu yake. Kuno maudindo otere ndi ochepa, choncho womaliza amapezeka ali ndi makalasi a ophunzira mazana ndi ntchito za mu ofesi, ndipo kafukufuku amazilala m'zaka zimene anayenera kukula. Amene amapitirira nthawi zambiri ndi amene anatuluka mu PhD ali ndi mapepala ofalitsidwa m'magazini odalirika, anzawo ogwira nawo ntchito m'mayiko ena, ndi ufulu wopitiriza kugwiritsa ntchito zoyeza ndi zotsatira zimene anasonkhanitsa. Ufulu umenewu subwera wokha pamapeto. Umalembedwa m'migwirizano ya pachiyambi, pa nthawi imene wophunzira amakhala wosangalala kuti wapeza malo ndipo sawerenga bwino zimene akusaina, choncho pepala lonena za mwini wa magazi osungidwa mufiriji ndi mwini wa zotsatira za pa kompyuta liyenera kuwerengedwa mzere ndi mzere m'mwezi woyamba, pamodzi ndi woyang'anira wa kuno.